Zilembo zopendekera: dzanja la mmisiri wa ku Bologna likulembabe mpaka lero

Aliyense amene amawerenga nyuzipepala, buku la kusukulu kapena Baibulo adaonapo kuti pakati pa zilembo zoongoka pamapezeka mau ena olembedwa ndi zilembo zopendekera kudzanja lamanja, ngati mapesi a chimanga mphepo ikaomba. Pa Chipwitikizi zilembozi amazitcha itálico. Awerengi ambiri amangodutsapo osafunsa kumene zidachokera, ndipo ena amayesa kuti ndi zokometsera tsamba basi. Koma zilembozi zili ndi kwao, zili ndi chaka chimene zidabadwa, ndiponso zili ndi mmisiri amene adazisema ndi manja ake pachitsulo. Kwao ndi mumzinda wa Venezia ku Italiya, buku loyamba kusindikizidwa nazo lidatuluka m'chaka cha 1501, ndipo mmisiriyo ndi Francesco Griffo, munthu amene adagwira ntchito yaikulu koma ulemu wake udapita kwa wina. Nkhani yake ili motere.

Zidayambira pa cholembera cha nthenga

Pamene Johannes Gutenberg adayamba kusindikiza mabuku ndi zilembo zachitsulo mumzinda wa Mainz ku Jeremani cha m'ma 1450, adatsanzira kalembedwe ka alembi a kwao: zilembo zakuda bii, zothinana ndi zosongoka m'makona. Anthu ophunzira a ku Italiya sadali kuzikonda zilembo zoterezi. Kumeneko, makina osindikizira asanafike, akatswiri a mumzinda wa Firenze adali atayamba kale kalembedwe kaokao. Poggio Bracciolini ankakopera mabuku akale a Chilatini ndi zilembo zoongoka, zobulungira ndi zotayana bwino, zimene ndizo makolo a zilembo mukuwerengazi. Mnzake Niccolò Niccoli, amene adamwalira mu 1437, ankalemba mofulumirirapo. Dzanja likamathamanga, zilembo zinkapendekera kutsogolo, zinkachepa m'mimba ndipo zinkagwirana china ndi chinzake, chifukwa nthenga yolembera sinkanyamuka papepala kawirikawiri.

Kalembedwe kofulumira kameneka kadafala pakati pa anthu ophunzira, mpaka alembi a ku ofesi ya makalata a Papa ku Roma adakatenga ndi kukakonza bwino. Pofika chaka cha 1500, munthu wophunzira wa ku Italiya akamalembera mnzake kalata kapena akamakopera ndakatulo m'kabuku kake, ankalemba motere. Chidatsala ndi choti wina asandutse dzanja limeneli kukhala chitsulo.

Mphunzitsi ndi mmisiri

Aldo Manuzio adali mphunzitsi wa Chilatini ndi Chigiriki wochokera ku Bassiano, kufupi ndi Roma. Adasamukira ku Venezia cha m'ma 1490 ndipo adatsegula nyumba yosindikizira mabuku mothandizidwa ndi chuma cha anthu awiri, Andrea Torresani ndi Pierfrancesco Barbarigo. Pakati pa 1495 ndi 1498 adatulutsa zolemba za Aristotle m'Chigiriki m'mabuku asanu akuluakulu, ndipo dzina lake lidamveka ku Ulaya konse. Koma Aldo adali munthu wa mabuku, sadali wosula. Zilembo zake ankamusemera ndi Francesco Griffo wa ku Bologna.

Kuti timvetse kukula kwa ntchito ya Griffo, tiyenera kudziwa m'mene chilembo chimodzi chinkapangidwira masiku amenewo. Mmisiri ankatenga kachitsulo kotalika ngati chala nkusema chilembo kunsonga kwake ndi tupa ndi timipeni tosongoka, chilembocho chili chotembenuka monga chimaonekera pagalasi. Pofuna kuona ngati ntchito ikuyenda bwino, ankadetsa nsongayo ndi mwaye wa kandulo nkudinda papepala. Akakhutira, ankalimbitsa chitsulocho pamoto, kenaka nkuchikhomera pa kachidutswa ka mkuwa kuti chisiyepo dzenje looneka ngati chilembocho. Kachidutswako ankakaika pansi pa chikombole, ndipo m'chikombolemo ankathiramo mtovu wosungunula wosakaniza ndi tini ndi antimoni. Zikazizira pankatuluka kachilembo kamodzi kokhala pa kathupi ka makona anai. Kuchokera pa dzenje limodzi ankatha kuumba tizilembo zikwizikwi, ndipo wotchera masamba ankatindanda m'mizere chimodzichimodzi ndi dzanja.

Zilembo zoongoka zimakhala bwino pa kathupi ka makona anai, monga njerwa pa mnzake. Zopendekera zimavuta. Mutu wa f umapitirira malire a kathupi kake kukalowa m'dera la chilembo chotsatira, mchira wake nkulowanso m'dera la chilembo cham'mbuyo, ndipo timbali totulukira kunja timeneti tinkathyoka msanga pofinyidwa m'makina. Vuto lachiwiri lidali la kugwirana kwa zilembo. Pofuna kuti tsamba lioneke ngati lolembedwa pamanja, Griffo adasema zilembo zolumikizana ziwiriziwiri kapena zitatuzitatu pa kachitsulo kamodzi, ndipo zolumikizana zoterezi zidapitirira 60. Zonsezi ankazisema pamalo ochepa kuposa kambewu ka mpunga.

Kabuku kolowa m'thumba

Zilembo zatsopanozi zidayamba kuonekera pang'ono mu 1500, m'buku la makalata a Katarina Woyera wa ku Siena, m'mene mau asanu okha a pachithunzi adasindikizidwa nazo. Mu Epulo 1501 Aldo adatulutsa ndakatulo za Virgilio, mlakatuli wamkulu wa Aroma akale, buku lonse lathunthu m'zilembo zopendekera. M'miyezi yotsatira padatuluka Orazio, Petrarca, Giovenale ndi Marziale, ndipo mu 1502 padabwera Dante.

Timabukuti tidali tosiyana ndi mabuku a nthawi imeneyo. Kale zolemba za akatswiri akale zinkasindikizidwa m'mabuku olemera oyenera kuwerengera pathebulo, mau a mlembi ali pakati ndipo ndemanga za aphunzitsi zitazungulira mbali zonse. Aldo adachotsa ndemanga zonsezo nkusiya mau a mlembi okha. Pepala lalikulu ankalipinda katatu kuti litulutse masamba 16, ndipo kabuku kake kankatalika pafupifupi masentimita 16, koti munthu nkukanyamula paulendo.

Anthu ambiri amati Aldo adasankha zilembo zopendekera pofuna kusunga pepala ndi kutsitsa mtengo. Zoona zake nzakuti m'buku la ndakatulo mzere uliwonse umatenga mzere wake, kaya zilembo nzonenepa kaya nzoonda, choncho pepala losungika ndi lochepa. Phindu la kuonda kwake lidali loti mzere wautali wa ndakatulo ya Chilatini unkakwana pa tsamba laling'ono popanda kuudula. Martin Lowry, amene adalemba mbiri ya Aldo mu 1979, adaonetsanso kuti timabukuti sitidali totsika mtengo monga ambiri amaganizira. Ogula ake adali akazembe, ansembe akuluakulu, alembi a mafumu ndi anthu achuma okonda kuwerenga, ndipo chimene chinkawakopa ndi chakuti tsamba losindikizidwa linkaoneka ngati dzanja lao lomwe.

Chinthu china chodabwitsa kwa ife lero ndi chakuti m'timabuku toyambato zilembo zing'onozing'ono zokha ndizo zidali zopendekera. Zikuluzikulu zidali zoongoka ndi zazifupi, zitaima padera pang'ono kuchiyambi kwa mzere, monga momwe alembi a pamanja ankachitira.

Akuba a ku Lyon ndi mkangano wa ku Venezia

Kumayambiriro kwa buku la Virgilio, Aldo adaikako timizere toyamikira luso la manja a Francesco wa ku Bologna. Koma pa nkhani ya umwini adachita zina. Adapempha akuluakulu a boma la Venezia kuti kwa zaka khumi pasapezeke wina wosindikiza ndi zilembo za mtundu umenewu m'dziko lao, ndipo adamulola. Pambuyo pake Apapa atatu, Alessandro VI, Giulio II ndi Leone X, adamupatsanso zikalata zomuteteza.

Zikalatazo zidalibe mphamvu ku Falansa. Pasanapite nthawi, osindikiza a mumzinda wa Lyon adasemetsa zilembo zofanana nazo nkuyamba kutulutsa timabuku tokopera ta Aldo tsamba ndi tsamba. Pa 16 Malichi 1503 Aldo adasindikiza chenjezo kwa ogula, kufotokoza m'mene angazindikirire mabuku achinyengo: adati pepala lake ndi lachabe ndiponso lonunkha, zilembo zake sizilumikizana bwino, ndipo adandanda zolakwa zimene zidali m'katimo. Anthu a ku Lyon adatenga chenjezolo nkukonzera zolakwa zao, malonda nkumapitirira.

Amene lamulo la Venezia lidamupweteka kwenikweni adali Griffo mwini wake. Mmisiri wosema zilembo ankadya pogulitsa ntchito yake kwa osindikiza osiyanasiyana, koma tsopano chinthu chimene manja ake adapanga sakadatha kuchigulitsa kwa wina aliyense m'dziko la Venezia. Awiriwa adasiyana. Griffo adapita ku Fano kukagwira ntchito kwa Gershom Soncino, wosindikiza wachiyuda, ndipo adamusemera zilembo zina zopendekera. M'buku la Petrarca limene Soncino adatulutsa mu 1503, iye adalemba poyera kuti amene adapanga zilembo zoterezi ndi Francesco, ndipo kuti Aldo adangodziveka ulemu wa mwini.

Aldo adamwalira mu 1515 ali munthu wotchuka. Griffo adayendayenda m'mizinda ingapo, ndipo mu 1516 adabwerera kwao ku Bologna kumene adayamba kusindikiza yekha timabuku ting'onoting'ono ndi zilembo zake. Mu 1518 adaimbidwa mlandu wopha mkamwini wake pomumenya ndi chitsulo, ndipo kuyambira pamenepo dzina lake silipezekanso pa ntchito iliyonse. Lidaiwalika kotero kuti mu 1858 Antonio Panizzi, mkulu wa nyumba ya mabuku ya British Museum ku London, adalemba kuti Francesco wa ku Bologna adali mmisiri wina wojambula zithunzi, Francesco Raibolini. Mpaka mu 1883 ndi pamene Adamo Rossi adatulutsa chikalata chakale chosonyeza kuti munthuyo adali Griffo.

Ngakhale maina a zilembozi sakumbukira mmisiriyu. Afalansa amati italique, Apwitikizi amati itálico, kutanthauza za ku Italiya. Eni ake a ku Italiya amati corsivo, zothamanga, kapena aldino, za Aldo. Ku Brazil amatinso grifo, mau omveka ngati dzina la Griffo, koma mabuku otanthauzira mau amati adachokera kwa Sebastian Gryphius, wosindikiza wina wa ku Lyon amene adazifalitsa kwambiri.

Kuchoka ku Roma kufika kwa Camões

Mtundu wachiwiri wa zilembo zopendekera udabadwira ku Roma. Ludovico degli Arrighi, mlembi wa ku ofesi ya Papa, adatulutsa kabuku kophunzitsa kulemba pamanja kotchedwa La Operina, kokhala ndi chaka cha 1522, ndipo mu 1524 adayamba kusindikiza ndi zilembo zotengera dzanja lake. Zake zidali zazitali miyendo, zolumikizana pang'ono, zosavuta kutchera, koma zodya malo ambiri. Arrighi sadamvekenso asilikali atafunkha mzinda wa Roma mu 1527. Pambuyo pake amisiri a ku Falansa, makamaka Robert Granjon, adapendeketsanso zilembo zikuluzikulu kuti ziyende pamodzi ndi zing'onozing'ono, ndipo ntchito yao idagulitsidwa m'maiko ambiri a ku Ulaya.

M'zaka zimenezo zilembo zopendekera zidali zoima pazokha, ndipo mabuku athunthu, makamaka a ndakatulo, ankasindikizidwa nazo. Chitsanzo chimene chikutikhudza ife kuno ndi cha Luís de Camões. Mlakatuliyu adakhala pa Ilha de Moçambique kuyambira 1567 mpaka 1569 pobwerera kuchokera ku India, ndipo wolemba mbiri Diogo do Couto adamupeza kumeneko ali mu umphawi, akudya kwa anzake, uku akukonza ndakatulo yake yaitali. Pamene Os Lusíadas idatuluka ku Lisboa mu 1572 kwa wosindikiza António Gonçalves, ndime zake zidatcheredwa m'zilembo zopendekera, potsata mwambo umene udayambira pa kabuku ka Virgilio kaja.

Koma nthawi yomweyo ntchito ya zilembozi idali itayamba kusintha. Osindikiza adaona kuti maso amatopa kuwerenga masamba ambirimbiri a zilembo zoonda ndi zothinana, ndipo adaonanso kuti mau amodzi opendekera pakati pa oongoka amaonekera msanga popanda kudetsa tsamba. Motero zilembo zimene zidabadwa kuti zinyamule buku lonse zidasanduka zothandizira, zolozera wowerenga kuti mau awa ndi osiyana ndi anzao. Baibulo la Chingerezi la ku Geneva la 1560 lidazigwiritsa ntchito posonyeza mau amene omasulira adaonjezera kuti chiganizo chimveke, mau amene mulibe m'Chihebri kapena m'Chigiriki. Amene ali ndi Baibulo la Chipwitikizi la Almeida, lija lolembedwa kuti Revista e Corrigida, aonamo zomwezi. Mau opendekera m'menemo sakutanthauza kuti muwatchule mokweza.

Kuzizindikira kwake

Kupendekera kokha sikupanga itálico weniweni. Chachikulu ndi kaumbidwe ka chilembo chilichonse, kamene kamatsata mayendedwe a dzanja. Taonani a woongoka wa m'nyuzipepala: ali ndi denga pamwamba ndi kamimba pansi. Wopendekera alibe denga, ndi kamimba ndi kamtengo basi, monga timalembera m'kope. Chilembo f chimatsika kupitirira mzere nkupinda mchira kumanzere. Chilembo o chimachepa m'mimba nkuoneka ngati dzira. Zilembo v ndi w zimabulungira m'makona, ndipo m'mitundu yakale mwendo wa h umapindikira m'kati mpaka kufuna kufanana ndi b.

Zilembo zoongoka za m'mabuku zili ndi timapazi topingasa kumapeto kwa miyendo yake, timene Apwitikizi amati serifa. Pa zopendekera timapazi timeneti timasanduka tingowe: kamodzi pamwamba kumanzere pamene cholembera chidatera, kena pansi kumanja pamene chidanyamukira kupita ku chilembo chotsatira. Kunenepa ndi kuonda kwa mizere nakonso kudachokera ku nthenga yosongoledwa mwaphwatalala, imene imalemba mzere wonenepa potsika ndi woonda pokwera.

M'nyengo ya makina

Makina oyamba osindikizira a boma adafika m'dziko muno mu 1854, pa Ilha de Moçambique pomwe paja, ndipo pa 13 Meyi chaka chimenecho padatuluka Boletim do Governo woyamba. Masiku amenewo kulikonse zilembo zinkatcheredwabe ndi dzanja, ndipo zopendekera zinkakhala m'bokosi lakelake. Mlembi akafuna kuti mau ena apendekere, ankalemba mzere kunsi kwa mauwo, ndipo wotchera ankadziwa bokosi loti atapemo. Mwambo umenewu udapitirira pa makina otaipira, amene adalibe zilembo zopendekera, ndipo ndi chifukwa chake aphunzitsi amauza ana kuti alembe mzere kunsi kwa dzina la buku.

Makina a Linotype, amene Ottmar Mergenthaler adayambitsa ku America mu 1886, ankaumba mzere wathunthu nthawi imodzi ndipo adalowa m'nyumba zambiri za nyuzipepala. Pa makina amenewa chilembo choongoka ndi chinzake chopendekera zidadzaikidwa pa kachikombole kamodzi, choncho zinkayenera kukhala ndi m'lifupi mofanana. Zotsatira zake, zilembo zopendekera za m'nyuzipepala zidanenepa nkutaya kuonda kwao kwa ku Venezia.

Ku Mangalande kampani ya Monotype, motsogozedwa ndi mlangizi wake Stanley Morison, idabwerera ku mabuku akale kukatengako zitsanzo. Mu 1929 idatulutsa zilembo zotengera zoongoka zimene Griffo adasemera kabuku ka De Aetna ka 1496. Zilembozo adazitcha Bembo, dzina la Pietro Bembo amene adalemba kabukuko, ndipo zopendekera zoyenda nazo adazitengera kwa Giovanni Antonio Tagliente, mphunzitsi wa kalembedwe wa ku Venezia, poti za Griffo sizinkagwirizana ndi makondedwe a nthawi imeneyo. Dzina la Aldo lidapatsidwa kwa zilembo za Hermann Zapf mu 1954, ndiponso kwa kampani ya Aldus imene idatulutsa pulogalamu ya PageMaker mu 1985, imene idathandiza kuti masamba a nyuzipepala ayambe kutcheredwa pa kompyuta. Amene adakumbukira mmisiri uja ndi Giovanni Mardersteig wa ku Verona, amene adatcha zilembo zake zina kuti Griffo.

Ntchito zake lero

Ntchito yoyamba ndi ya maina a mabuku, a nyuzipepala, a mafilimu ndi a zombo. Tikalemba Notícias kapena Diário de Moçambique mopendekera, wowerenga amadziwa kuti tikunena za nyuzipepala, osati za nkhani wamba kapena buku la tsiku ndi tsiku.

Yachiwiri ndi ya maina a sayansi a zomera ndi zamoyo, potsata njira ya maina awiri imene Carl von Linné wa ku Sweden adakhazikitsa mu 1753. Chimanga ndi Zea mays, mlambe ndi Adansonia digitata, kapenta wa m'nyanja ya Cahora Bassa ndi Limnothrissa miodon, usipa wa m'nyanja ya Niassa ndi Engraulicypris sardella, ndipo kachilombo koyambitsa malungo oopsa ndi Plasmodium falciparum. Maina onsewa amalembedwa mopendekera, loyamba ndi chilembo chachikulu, lachiwiri ndi chaching'ono. Alangizi a zaulimi, anamwino ndi ophunzira olemba malipoti ayenera kusunga lamulo limeneli. M'masamu namonso zilembo zoimira nambala, monga x ndi y, zimapendekera kuti zisasokonezeke ndi mau.

Yachitatu ndi ya kutsindika. Chiganizo chakuti mwanayo adatenga mbuzi chimasintha tanthauzo malinga ndi mau amene apendekera: akapendekera mwanayo, tikukana kuti adatenga ndi wina, ikapendekera mbuzi, tikukana kuti adatenga nkhosa. Ndime yonse ikakhala yopendekera kale, mau otsindikidwa amaongoledwa.

Yachinai ndi ya mau achilendo, ndipo pamenepa pali nkhani yofunika kuiganizira. Kupendeketsa mau ndi kuuza wowerenga kuti mauwa ndi mlendo m'chiyankhulo chimene akuwerenga. Pa masamba a Chipwitikizi mau a ziyankhulo zathu ndi amene amapendekera, kufikira atazolowereka monga machamba ndi capulana, amene kawirikawiri amalembedwa moongoka. Pa tsamba la Chichewa zinthu zimatembenuka: mlendo ndi mau a Chipwitikizi. Koma si onse ai. Nsapato, kalata, mbatata ndi kapitao ndi mau amene adachokera ku Chipwitikizi kalekale, adamanga nyumba pakati pathu, ndipo palibe chifukwa chowapendeketsera. Mlembi aliyense amayenera kuweruza yekha kuti ndi mau ati amene akadali alendo ndi ati amene asanduka eni mudzi, ndipo chiweruzo chakecho chimaonekera patsamba.

Chenjezo kwa ogwiritsa kompyuta

Lero kupendeketsa mau sikulira tupa kapena mwaye wa kandulo. Pa kompyuta munthu amangosankha mau nkudina Ctrl ndi I, ndipo pa WhatsApp amaika kamzere kam'munsi kutsogolo ndi kumbuyo kwa mauwo. Koma pali msampha. Ngati mtundu wa zilembo umene mwasankha ulibe zopendekera zakezake, kompyuta imangokankha zoongoka kuti zitsamire, ndipo zimatuluka zopotoka, zonenepa pamene payenera kuonda. Njira yodziwira ndi yapafupi: yang'anani a ndi f. Ngati a akadali ndi denga lake ndipo f sadatsitse mchira, zilembozo nzongotsamira chabe. Times New Roman, Garamond, Palatino ndi Georgia zili ndi zopendekera zenizeni. Za Arial ndi Helvetica zidapangidwa dala kukhala zongotsamira, ndipo pakati pa ndime yaitali sizionekera msanga.

Olemba Chichewa ayang'anenso k, w ndi y. Chilatini chimene Griffo ankasemera chidalibe w, ndipo alifabeti ya Chipwitikizi idakhala zaka zambiri ndi zilembo 23 zokha, popanda zitatu zimenezi, mpaka mgwirizano wa kalembedwe wa 1990 udazilowetsa. Kwa ife zilembo zitatuzi zili pafupifupi mumzere uliwonse, choncho mtundu wa zilembo umene w wake wopendekera ndi wotambalala kwambiri kapena k wake ndi wokongoletsedwa mopitirira umaononga tsamba lonse. Amene amalemba ŵ wa kadenga ayese kaye ngati alimo, chifukwa akasowa, kompyuta imabwereka wa mtundu wina amene amaoneka ngati chigamba.

Potsiriza, aphunzitsi, alembi a m'maofesi ndi onse osindikiza makalata a ukwati, mapulogalamu a misonkhano ndi zidziwitso akumbukire kuti zilembozi zili ngati mchere m'ndiwo. Mau awiri kapena atatu opendekera pa tsamba amaitana diso, koma ndime zisanu zopendekera zimalitopetsa, makamaka kwa achikulire ndi kwa amene akuphunzira kumene kuwerenga. Palibenso chifukwa chopendeketsa mau, kuwadetsa ndi kuwalembera mzere kunsi nthawi imodzi, popeza chizindikiro chimodzi chimakwana. Kalata yoitanira anthu kuukwati kapena kandakatulo kafupi kangathe kupendekera konse, monga momwe Aldo ndi Griffo adachitira mu 1501. Lipoti la msonkhano ndi chidziwitso cha pachipatala zilembedwe moongoka, ndipo zopendekera zisungidwire mau okhawo amene wowerenga ayenera kuwaona kuti ndi osiyana ndi anzao.